Komwe ine ndi mwana wanga timagula tiasilikali ta Warhammer kuno ku Nottingham

Chaka chatha mwana wanga wa zaka 12 anabwera kunyumba atafumbata kamsilikali kapulasitiki, kosaposa chala changa chachikulu. Anakapenta yekha. Atakaika patebulo ndinakumbuka ng'ombe zadothi zomwe tinkaumba kudambo ku Dedza, n'kumazimenyanitsa nyanga mpaka imodzi ithyoke. Sindinamuletse. Lero timasewera limodzi, ndipo makolo anzanga akundifunsa komwe timagula, ndiye ndati ndilembe.

Masewerawa ndi Warhammer 40,000, a nkhondo zopeka za m'mlengalenga zomwe timamenyanitsa tiasilikali patebulo, omwe anatuluka koyamba mu 1987. Amawapanga ndi a Games Workshop, kampani yomwe inayambira ku London mu 1975 koma likulu lake lili konkuno ku Nottingham, dera la Lenton. Pamalo omwewo pali Warhammer World. Ife timakwera tram, sitima yoyenda mumzinda, n'kutsikira pa Gregory Street, kenako n'kuyenda pansi pang'ono. Mkati muli sitolo, holo yaikulu yodzaza matebulo osewererapo, malo odyera otchedwa Bugman's, ndi chionetsero cha tizidole topentedwa kale chomwe umalowa ndi tikiti. Chionetserocho musachiphonye. Mwana wanga anaima pagalasi limodzi mphindi zambirimbiri, kukamwa kuli yasa, akuwerenga tiasilikali tokwera linga.

Chimene chinandigwira mtima ndi momwe anatilandirira tsiku loyamba. Ndinamuuza mnyamata wogulitsa kuti sindikudziwa kalikonse. Sanathamangire kundionetsa bokosi lodula ayi. Anayamba wafunsa mwanayo gulu la asilikali lomwe limamusangalatsa, n'kutifotokozera kuti mtunda umayezedwa m'mainchi ndi tepi, ndipo kuwombera kumadalira madayisi. Kenako anatilozera kabokosi ka oyamba kumene.

Dziwani kuti tizidoleti simutigula tili tathunthu. Timabwera tizidutswatizidutswa, mutu pawokha, mkono pawokha, mfuti payokha, zonse zitalumikizidwa ku kafelemu kapulasitiki. Mufunika kapulaya kodulira, guluu wa pulasitiki, penti wopopera woyambira, mabulashi awiri ndi timabotolo ta penti. Usiku woyamba tinamata mkono wa msilikali wina chagada, guluu n'kuuma tisanazindikire. Mpaka pano akadali choncho, ndipo mwanayo amamuika kutsogolo pankhondo iliyonse. Pa penti, ife timakonda wa Games Workshop wotchedwa Contrast, yemwe anabwera mu 2019. Ukapaka kamodzi amalowerera yekha m'makwinya a chovala, mithunzi n'kuoneka. Kwa mwana wosachedwa kutopa ndi wabwino kwambiri.

Koma mtengo, abale, ndi wokwera. Apa sindibisa. Kwa ife amene mwezi ukatha timatumizanso kangachepe kumudzi, bokosi lililonse timayamba taliganizira kawiri. Ndiye mabokosi akuluakulu ndimaitanitsa pa intaneti ku masitolo oima paokha monga Element Games ya ku Stockport kapena Wayland Games, chifukwa amatsitsako mtengo pa katundu yemweyo. Kapulaya, tepi ndi mabulashi wamba ndimagula m'masitolo a zipangizo, ndipo zimagwira ntchito bwinobwino. Ku Warhammer World timapitira kukafunsa, kukasewera, ndi kukagula penti yemwe watithera mwadzidzidzi.

Ndi zakaunjika chenjerani nazo. Ndinagulapo gulu la tiasilikali khumi kwa munthu wina pa intaneti, pachithunzi tikuoneka bwino. Tinafika m'jumbo popanda chotetezera, titatu titathyoka mfuti, penti atamatidwa mochindikala moti nkhope sizinkaoneka n'komwe. Ndinatha masabata awiri ndikuchotsa pentiyo ndi mswachi wakale. Tsopano ndimapempha zithunzi zapafupi, ndipo ndimasankha tomwe sitinapentedwe.

Amene nkhani za zilombo ndi nkhondo za m'mlengalenga sizikukukokani, mzinda womwewu muli a Warlord Games, omwe amapanga Bolt Action, masewera a asilikali ndi akasinja a Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse. Ine awa amandikhudza mwanjira ina, popeza agogo anga ankasimba za amuna a kwathu omwe anapita ku Burma ndi gulu lankhondo la King's African Rifles (KAR). Ndagula kale kabokosi kamodzi, ndikudikira tchuthi cha Disembala kuti ndikatsegule.

Ngati mwana wanu wayamba kumene, musagule gulu lonse lankhondo nthawi imodzi. Yambani ndi kabokosi kakang'ono, amange, apente, asewere, muone ngati mtima wake ulipodi. Wanga anamaliza tiasilikali take tisanu toyamba Loweruka lina madzulo, n'kutindandalika pawindo kuti tiume, zala zake zili buluu yekhayekha.