Hockey ya pa ayezi ndi mpira wamiyendo ku America: wamkulu ndani?

Bwalo la Michigan Stadium ku Ann Arbor linadzaza kawiri mu 2014. Pa 1 Januwale anthu 105,491 anakhala panja, chipale chofewa chikugwa, kuonera hockey ya Detroit Red Wings ndi Toronto Maple Leafs. Pa 2 Ogasiti anthu 109,318 analowa pabwalo lomwelo kuonera mpira wamiyendo. Wowerenga manambala okha anganene kuti mpira unapambana. Koma taonani matimu omwe anasewera tsiku lachiwirilo: Manchester United ndi Real Madrid. Panalibe timu ya ku America ngakhale imodzi.

Mkangano wa masewera awiriwa umasokonekera pamenepa. Hockey ili ngati chimanga chomwe chakokeredwa m'nkhokwe imodzi, ndipo nkhokweyo ndi ligi ya NHL. Chimanga cha mpira n'chambiri, koma chamwazikana: china chili mu ligi yaikulu ya amuna ya MLS, china mu ligi ya amayi ya NWSL, china ku matimu a dziko, pomwe chochuluka chili m'nkhokwe za anthu ena ku Mexico, ku England ndi ku Spain. Mukamayerekeza, yambani mwafunsa ngati mukuyeza masewera ndi masewera kapena ligi ndi ligi, chifukwa mayankho ake ndi osiyana.

Bungwe la kafukufuku la Gallup limafunsa anthu a ku America funso limodzi kwa zaka zambiri: ndi masewera ati amene mumakonda kwambiri kuonera? Kumapeto kwa 2017, anthu 37 pa 100 alionse anatchula mpira wawo wonyamula m'manja uja, 11 basketball, 9 baseball, 7 mpira wamiyendo ndipo 4 hockey. Atafunsanso kumapeto kwa 2023, mpira wamiyendo unapeza 5, hockey 4. Kusiyana kwa mmodzi pa 100 n'kochepa kwambiri pa kafukufuku wa anthu pafupifupi 1,000, moti sikungagamule mlandu. Funsolonso limalola yankho limodzi lokha. Munthu wa ku Boston amene amakonda New England Patriots, timu ya mpira wonyamula m'manja, koma saphonya masewero a Bruins, timu ya hockey ya mumzindawo, sawerengedwa ngati wa hockey. Chomwe kafukufukuyu amaonetsa bwino n'choti awiriwa akulimbirana malo achinayi, ndipo ali kutali kwambiri ndi woyamba.

Pa ligi ndi ligi, NHL ndi mkulu popanda kukayika. Inakhazikitsidwa ku Montreal mu 1917, ndipo ili ndi matimu 32, mwa iwo 25 ku America, 7 ku Canada. Ndalama zomwe imapeza pachaka zimaposa madola 6 biliyoni. MLS inayamba kusewera mu 1996 ndi matimu 10, ndipo San Diego FC italowa mu 2025 anakwana 30. Ndalama za pa kanema n'zomwe zimasiyanitsa kwambiri. Mgwirizano wa zaka 7 womwe NHL inapanga mu 2021 ndi ESPN komanso TNT umabweretsa madola pafupifupi 625 miliyoni pachaka, osawerengera za ku Canada. Pomwe MLS inagwirizana ndi Apple, kuyambira mu 2023, mtengo womwe unalengezedwa unali madola 2.5 biliyoni pa zaka 10, kutanthauza 250 miliyoni pachaka pa dziko lonse lapansi.

Tsono onjezani izi. NBC, yomwe yakhala ikuonetsa Premier League ku America kuyambira mu 2013, inasainanso mu 2021 mgwirizano wa zaka 6 wa madola pafupifupi 2.7 biliyoni. Imeneyo ndi 450 miliyoni pachaka, kulipira ligi ya dziko lina yomwe masewero ake ambiri amayamba m'mawa anthu akumwa tiyi. Masewero a 3 koloko masana ku England amakhala 10 koloko m'mawa ku New York, 7 koloko ku Los Angeles. Mukaphatikiza ndalama za Premier League, MLS, La Liga, Champions League, Liga MX ya ku Mexico ndi World Cup, msika wa mpira umadutsa wa hockey. Vuto n'loti zambiri mwa ndalamazi zimawoloka nyanja kapena malire, osakhala m'dzikomo.

Manambala a anthu olowa pabwalo ndi msampha womwe ambiri amagweramo. Mu 2024 masewero amodzi a MLS ankalowetsa anthu oposa pang'ono 23,000, pomwe a NHL amalowetsa pakati pa 17,000 ndi 18,000. Zikuoneka ngati MLS ili patsogolo, koma pali zinthu ziwiri zobisika. Choyamba, hockey imaseweredwa m'nyumba, ndipo nyumba zambiri za NHL zimatha kulandira anthu 17,000 mpaka 20,000 basi. Zimadzaza pafupifupi usiku uliwonse, choncho nambala ija ikuyeza kukula kwa nyumba, osati kuchuluka kwa ofuna kulowa. Chachiwiri, kwa zaka zambiri timu ya NHL yakhala ikusewera masewero 82 pa sizoni, 41 pakhomo, pomwe ya MLS imasewera 34, pakhomo 17. Kudzaza bwalo Loweruka lililonse lachiwiri n'kosavuta poyerekeza ndi kudzaza nyumba Lachiwiri usiku mu Januwale, kenaka Lachinayi, kenakanso Loweruka. Pa sizoni yonse NHL imalowetsa anthu oposa 22 miliyoni, MLS oposa pang'ono 11 miliyoni, ndipo tikiti ya NHL kawirikawiri imakhala yokwera mtengo.

Pa kanema zinthu zimatembenukatembenuka kutengera usiku womwe mwasankha. Masewero achisanu ndi chiwiri, omwe ndi omaliza, a fainali ya Stanley Cup, chikho cha NHL, mu 2024, pomwe Florida Panthers inagonjetsa Edmonton Oilers, anaoneredwa ndi anthu pafupifupi 7.7 miliyoni ku America. Fainali ya MLS sifika pamenepo: ikachita bwino imakhala cha m'ma 2 miliyoni. Koma timu ya dziko ikalowa m'bwalo, mpira umakwera mwadzidzidzi. Fainali ya World Cup ya amayi mu 2015, America itagonjetsa Japan 5-2, inaoneredwa ndi anthu oposa 25 miliyoni pa Fox. Masewero a America ndi England ku Qatar mu 2022, omwe anatha popanda chigoli, anakopa oposa 15 miliyoni pa kanema wa Chingerezi yekha. Hockey nayo ili ndi mausiku otere, koma amafuna kuti mdani akhale Canada kapena Russia. Fainali ya Olympics ya 2010 ku Vancouver, ya America ndi Canada, inaoneredwa ndi anthu oposa 27 miliyoni, ndipo ya mpikisano wa mayiko anayi wa 4 Nations Face-Off mu Febuluwale 2025, yomwe Connor McDavid wa Canada anaimaliza ndi chigoli cha m'nthawi yowonjezera ku Boston, inafika 9.3 miliyoni pa ESPN.

Pali cholakwa china chomwe olemba ambiri amachita: amawerenga makanema a Chingerezi okha. Anthu oposa 60 miliyoni ku America ndi ochokera ku mabanja a ku Latin America ndi ku Spain, ambiri mwa iwo a ku Mexico. Kwa zaka zambiri ligi ya mpira yooneredwa kwambiri m'dzikomo yakhala Liga MX, pa makanema a Chisipanishi monga Univision. Timu ya dziko la Mexico ikasewera ku Los Angeles, ku Dallas kapena ku Chicago, imakhala ngati ili pakhomo. Mukasiya gulu limeneli, mwadula mwendo umodzi wa mpira musanayambe kuyeza.

Hockey ili ndi vuto lake pa kanema, ndipo ndi la maso. Kampira kake, kotchedwa puck, ndi kachimbale ka labala wakuda, masentimita 7.6 m'mimba mwake ndi 2.5 kukhuthala, ndipo wosewera wamphamvu amakamenya pa liwiro lofika makilomita 160 pa ola. Amene sanazolowere samakaona, amangomva phokoso kuti chalowa. Osewera amasinthana masewero ali mkati, aliyense atathamanga masekondi 40 kapena 50, ndiye mlendo sadziwa amene akumutsatira. Fox inayesapo kuyambira mu 1996 kuika kuwala kwa buluu pa puck kuti izioneka, koma masapota enieni ananyansidwa nazo ndipo zinatha mu 1998. Pabwalo penipeni nkhani ndi ina. Liwiro, kuphokosera kwa matabwa a m'mbali anthu akagundana, ndi mphepo yozizira ya pa ayezi, zimagwira munthu tsiku loyamba lomwelo. Ndi masewera ofunika kukaonera ndi maso, pomwe mpira umakoma ngakhale pa foni.

Malo nawo amalankhula. Hockey ili ndi kwawo: Minnesota, Michigan, Massachusetts, kumpoto kwa chigawo cha New York. Ku Minnesota mpikisano wa masukulu a sekondale umadzaza nyumba yomwe timu ya NHL ya Minnesota Wild imasewerera ku Saint Paul. NHL yakhala ikukankhira kum'mwera kuyambira pomwe katswiri wa hockey Wayne Gretzky anagulitsidwa ku Los Angeles Kings mu 1988, ndipo zotsatira zake n'zosakanikirana. Tampa Bay Lightning yatenga Stanley Cup mu 2004, 2020 ndi 2021, Vegas Golden Knights mu 2023, patangotha zaka 6 ikhazikitsidwe, ndipo Florida Panthers mu 2024 ndi 2025. Koma ku Arizona zinakanika, timu inavutika ndi nkhani ya nyumba yosewereramo mpaka osewera ake anasamutsidwira ku Utah mu 2024. Atlanta ndiye chitsanzo chowawa. Mzindawu wataya matimu awiri a NHL: Flames inapita ku Calgary mu 1980, Thrashers ku Winnipeg mu 2011. Mzinda womwewo, Atlanta United itayamba mu 2017, unayamba kulowetsa anthu oposa 40,000 pa masewero wamba, ndipo fainali ya MLS ya 2018 inaoneredwa ndi anthu 73,019 pabwalo.

Chomwe chimatsekera hockey m'madera ake ndi mtengo woyambira. Mwana amafunika nsapato zotsetserekera pa ayezi, chipewa cholimba chokhala ndi chotchinga kumaso, magolovesi, zoteteza mapewa, zigongono ndi miyendo, komanso ndodo. Ndodo yabwino yokha imadutsa madola 200, ndipo imathyoka. Nsapato zimafuna kunoledwa pafupipafupi, ndipo mwana akamakula zimamuchepera. Chodula kuposa zonse ndi ayeziyo. Bwalo la mamita 61 m'litali ndi 26 m'lifupi limafuna makina oziziritsa usana ndi usiku, kubwereka ola limodzi kumadya madola mazana angapo, ndipo matimu a ana amapatsidwa nthawi za m'bandakucha. N'chifukwa chake osewera olembetsedwa ku bungwe la USA Hockey ndi oposa pang'ono theka la miliyoni, pomwe ana osewera mpira ndi mamiliyoni. M'masukulu a sekondale mpira uli ndi anyamata ndi atsikana oposa 800,000, hockey safika 50,000.

Komabe musanyengedwe ndi chiwerengero cha ana. Makolo ambiri amalowetsa mwana mu mpira ali ndi zaka 6 chifukwa n'ngosavuta kuyamba, ndipo ambiri amasiya asanafike kusekondale. Amene apitiriza amakumana ndi makalabu olipiritsa madola masauzande pachaka, zomwe zimatsekera kunja ana a m'mabanja osauka, omwe m'mayiko ena ndiwo amatulutsa akatswiri. Ndipo mwana wokulira mu mpira akasankha timu yochemerera, nthawi zambiri amasankha Liverpool kapena Barcelona, osati ya mumzinda mwake. Mwana wa hockey alibe kwina kopita, chifukwa osewera opambana padziko lonse, a ku Sweden, Finland, Russia ndi Canada, onse ali mu NHL. Alex Ovechkin anaphwanya mbiri ya Gretzky ya zigoli 894 mu Epulo 2025 atavala yunifomu ya Washington Capitals. MLS imalandira akatswiri akamatsika phiri: David Beckham anafika ku LA Galaxy mu 2007, Lionel Messi ku Inter Miami mu 2023 ali ndi zaka 36. Pelé anachitanso chimodzimodzi ku New York Cosmos mu 1975, koma ligi ya nthawi imeneyo, NASL, inagwa mu 1984.

Ku mbali ya amayi mpira uli patsogolo kutali. Lamulo la Title IX la 1972, loletsa tsankho pakati pa amuna ndi akazi m'masukulu olandira ndalama za boma, linatsegula matimu a atsikana m'makoleji, ndipo America yatenga World Cup ya amayi mu 1991, 1999, 2015 ndi 2019. Fainali ya 1999 ku Rose Bowl inalowetsa anthu 90,185. Apa ndi pomwe ife tili ndi gawo lathu. Temwa Chawinga anagoletsa zigoli 20 mu sizoni ya NWSL ya 2024 ndi Kansas City Current, kuphwanya mbiri ya ligiyo, ndipo anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Chaka chomwecho Barbra Banda wa ku Zambia anagoletsa chigoli chokhacho chomwe chinapatsa Orlando Pride chikho. Fainaliyo inachitikira pa CPKC Stadium, bwalo la anthu 11,500 lomwe linamangidwira timu ya amayi. Ligi ya amayi ya hockey, PWHL, inayamba kusewera mu Januwale 2024 ndi matimu 6, ndiye idakali yakhanda ngakhale ikukopa anthu.

Mpaka pano awiriwa sanalimbane kwenikweni pa kalendala. NHL imayamba mu Okutobala n'kutha mu Juni, pomwe MLS imayamba kumapeto kwa Febuluwale n'kutha mu Disembala, miyezi yotentha ikukhala yake. Eni matimu a MLS anagwirizana mu Novembala 2025 kuti kuyambira mu 2027 sizoni iziyamba mu Julayi n'kutha mu Meyi monga ku Ulaya, ndi tchuthi pakati pa nyengo yozizira. Zikatero masewero ofunika a MLS azidzagwera m'masabata omwewo amene matimu a NHL akulimbirana Stanley Cup, ndipo matimu a kumpoto adzasewera panja m'miyezi yovuta. Ku Saint Paul akudziwa tanthauzo lake. Pa 2 Febuluwale 2022, America inasewera ndi Honduras pa Allianz Field kukuzizira pafupifupi madigiri 16 kunsi kwa ziro, ndipo osewera awiri a Honduras sanabwerere m'chigawo chachiwiri chifukwa cha kuzizidwa. Makilomita ochepa kuchoka pabwalopo, masapota a Wild amaonera timu yawo atavula majekete.