Liwonde, Cape Maclear kapena Boadzulu: kokaona nyama ndi mbalame zodya nyama muli ndi theka la tsiku ku Mangochi

Chimene chimasokoneza ulendo wotere si mtunda ayi, koma nthawi. Nyama zikuluzikulu ndi mbalame zodya nyama sizidzukira pamodzi. Mikango, akakwiyo ndi afisi amayenda m'bandakucha, ikamati 9 koloko amakhala atabisala kale pamthunzi. Miimba ndi mphungu pa nthawi imeneyo ndi pamene zikunyamuka m'mitengo, chifukwa zimadikira kuti nthaka itenthe ndipo mpweya wofunda uyambe kukwera, uzizinyamula zitangotambasula mapiko osakupiza. Nkhwazi yokha ndiyo mungaipeze nthawi ina iliyonse m'mbali mwa madzi. Choncho posankha malo, funso ndi lakuti ndi kuti kumene mungaone nyama kaye, mbalame pambuyo, osathera maola abwinowo pamsewu.

Liwonde: njira ya pa Ulongwe ndi ya ku Chinguni

Ngati mukufuna zonse ziwiri, nyama ndi mbalame, nkhalango ya Liwonde ilibe mnzake. Inakhazikitsidwa mu 1973, ndi yaikulu masikweya kilomita 548, ndipo kuyambira 2015 ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Akakwiyo anabwezeretsedwamo mu 2017, mikango mu 2018, zipembere zina 17 zochokera ku South Africa mu 2019, mimbulu mu 2021. Kwa munthu wofuna mbalame, chaka chofunika pamenepa ndi 2017. Nyama zolusa zitabwerera, m'tchire munayamba kupezeka zotsala za nyama zogwidwa, ndipo miimba imene inali itasowa inayambanso kuoneka.

Kuchokera paboma la Mangochi mumatsata msewu wa M3, nyanja ya Malombe ili kumanzere kwanu. Pa Ulongwe mumakhotera kumanzere n'kuyenda mumsewu wafumbi makilomita pafupifupi 15 kukafika pagombe la Shire, pomwe boti la ku kampu ya alendo ya Mvuu limawolotsa anthu. Ikani ola limodzi ndi theka paulendo wonsewo. Amene alibe galimoto amatsika minibasi pa Ulongwe n'kukwera kabaza wa njinga yamoto. Ubwino wa njirayi ndi wakuti mukangowoloka mwafika pakatikati pa nkhalango, pomwe mtsinje ndi wotambalala ndipo madambo ali mbali zonse. Vuto lake n'lakuti galimoto yanu imatsala tsidya lino, kotero mumalipira galimoto ya pakampu ndi boti lomwe. Muyeneranso kuimba foni kudakali masiku, chifukwa mukangotulukira osapangana, mutha kupeza magalimoto ndi maboti onse atatuluka ndi alendo ogona komweko, inu n'kutsala padoko dzuwa likukwera.

Njira ya ku Chinguni, phiri lomwe lili pafupi ndi chipata chachikulu cha nkhalangoyi, ndi yaitali. Mumapitirira mpaka ku Liwonde, makilomita pafupifupi 75 kuchokera ku Mangochi, kuwoloka Shire pa Kamuzu Barrage, kenako makilomita ena pafupifupi 6 kukafika pachipata. Ndi maola awiri mukayenda bwino. Kumeneku mumalowa ndi galimoto yanuyanu, ndiye kwa banja kapena gulu la anthu anayi kapena asanu mtengo umatsika kwambiri. Galimoto ikhale yokwera pansi. Sienta imayenda m'misewu ikuluikulu m'chilimwe, koma timisewu tolowera kudambo, komwe kuli nyama zambiri, imakhula pansi.

Njira iliyonse imene mwasankha, dongosolo ndi limodzi. Nyamukani ku Mangochi cha m'ma 4 koloko m'bandakucha kuti 6 koloko ikupezeni pachipata kapena padoko, ndipo muyende mosamala chifukwa njinga zakapalasa zopanda nyale zimakhala zayamba kale kuyenda pa M3. Kuyambira 6 koloko mpaka cha m'ma 8:30 khalani pagalimoto, m'mphepete mwa dambo momwe nswala, achuzu ndi njiri zimadya, osati m'kati mwa mitengo ya tsanya momwe maso safika patali. Kuyambira 9 koloko mpaka 11 koloko khalani pa boti. Anthu ambiri amatembenuza, boti m'mawa galimoto pambuyo, n'kupeza tchire lili zii ndi kutentha. Paboma mudzafika cha m'ma 1 koloko masana, ndiye dziwiranitu kuti theka la tsiku likunenedwali ndi la m'nkhalango mokha, msewu ndi wapadera.

Pa boti ndi pomwe Liwonde imaonetsa chuma chake. Mvuu zimakhala m'magulu malo ambiri, ng'ona zili pamchenga kukamwa yasaa, ndipo kuyambira September mpaka November njovu zimatsikira kumtsinje dzuwa likakula, zina kulowa m'madzi mpaka chitamba chokha kutsala pamwamba. Nkhwazi zimakhala ziwiriziwiri pamitengo ya m'gombe, yaikazi ndiyo yokulirapo. Apa pali mbalame ina imene anthu amaisokoneza ndi nkhwazi, muimba wodya zipatso za migwalangwa ndi mitengo ina ya mtundu umenewo, amene magaidi amautchula palm-nut vulture. Yang'anani pamimba ndi kumaso. Nkhwazi ili ndi mutu, chifuwa ndi mchira zoyera mbee, pamimba pofiirira. Muimba uja ndi woyera mpaka pamimba, mapiko akuda, ndipo uli ndi khungu lofiira lozungulira diso. Mwana wa nkhwazi nayenso amasokoneza, chifukwa amakhala wamawangamawanga kwa zaka zinayi kapena zisanu asanavale nthenga za akulu.

Mukakweza maso cha m'ma 9:30, mbalame yakuda yooneka ngati ilibe mchira, ya miyendo ndi nkhope zofiira, youluka ikupendekera uku ndi uku, imeneyo ndi mphungu. Imauluka chapansi kuposa miimba, choncho kawirikawiri ndiyo imayamba kuona nyama yakufa. Miimba nayo ili ndi chinenero chake chimene gaidi wabwino amawerenga. Ikamazungulira n'kumakwera, ikungoyenda ulendo wake, musataye nayo mafuta. Ikamatsika motsatizana miyendo ili lendee, yonse kulunjika malo amodzi, pansipo pali nyama. Ikadzaza mumtengo osatsika, mwini nyamayo akadali pomwepo, ndipo mwayi wanu woona mkango kapena kakwiyo ndi umenewo.

Kadzidzi wodya nsomba, wamkulu, wofiirira ngati njerwa, amene amadziwika kuti Pel's fishing owl, ndi amene amakopa odziwa mbalame ochokera kutali. Usana amabisala m'mitengo ya masamba othithikana ya m'mbali mwa mtsinje, ndipo popanda gaidi wodziwa mtengo umene wagona simungamuone. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati cholinga chanu ndi kadzidziyu, nenani popangana ulendo, mulolere kutaya mphindi 30 kapena 40 za galimoto, ndipo njira ya pa Ulongwe ndiyo yoyenera.

Zosamala ku Liwonde ndi zochepa koma n'zenizeni. Njovu zikatseka msewu, imani patali mamita osachepera 50, musaimbe hutala, musalowe pakati pa yaikazi ndi mwana wake. M'mitengo ya tsanya muli akashembe, ndipo amatsata nsalu zabuluu ndi zakuda, ndiye valani zotuwa za manja aatali. Mu October kutentha kumayandikira madigiri 40, tengani malita awiri a madzi munthu aliyense.

Cape Maclear: nkhwazi pafupi, nyama zazikulu palibe

Ku Cape Maclear mumatsata msewu wa ku Monkey Bay, n'kukhotera kumanzere mutatsala pang'ono kufika, kenako makilomita 18 okwera ndi kutsika mapiri mpaka m'mudzi wa Chembe. Ndi makilomita pafupifupi 80 kuchokera paboma. Malowa ali mu Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984, makamaka chifukwa cha nsomba za mbuna. Kunena mosabisa, amene akufuna njovu asabwere kuno. Nyama za kuno ndi anyani, apusi, mbira za m'matanthwe, ang'azi, ndipo mukachita mwayi katumbu cha ku Otter Point.

Chimene Cape Maclear imapambana nacho ndi nkhwazi ikugwira nsomba pamaso panu. Boti limatenga mphindi 10 kapena 15 kukafika pachilumba cha Thumbi. Woyendetsa amakhala atagula tinsomba kwa asodzi pagombe. Amatenga kamodzi, n'kukalowetsa kabango kukamwa kuti kasamire, amaimba likhweru akukagwedeza m'mwamba, kenako n'kukaponya. Nkhwazi imachoka pamtengo wa pathanthwe, kutsetsereka pamwamba pa madzi, kuponya zikhadabo kutsogolo, n'kunyamuka nako. Zonsezi ndi masekondi ochepa chabe.

Zikalephereka, zifukwa zake zimakhala zodziwika. Maboti ena akakutsogolerani, nkhwazi zakhuta kale ndipo zimangokuyang'anani, n'chifukwa chake muyenera kunyamuka pagombe isanakwane 8 koloko, kusonyeza kuti ku Mangochi muchoke cha m'ma 6 koloko. Nsomba ikaponyedwa pafupi kwambiri ndi boti, mbalame imazungulira n'kubwerera, mamita 15 kapena 20 ndiye mtunda wabwino. Nkhwazi imatsika moyang'anizana ndi mphepo, ndiye pemphani woyendetsa aimike boti mwakuti dzuwa ndi mphepo zikhale kumbuyo kwanu, apo ayi mudzajambula msana wake kapena chithunzi chakuda bii. Kwa amene ali ndi kamera, liwiro lojambulira la 1/2000 ya sekondi ndi poyambira, ndipo lozani pansomba ili pamadzi, osati kuthamangitsa mbalame m'mwamba. Kuyambira cha mu August akabawi amabweranso, ndipo amatha kulanda nsombayo nkhwazi isanafike.

Ine ndimaona kuti nsomba zitatu kapena zinayi n'zokwanira. Kuponya thumba lonse pofuna chithunzi chabwino kumazoloweretsa mbalame yakutchire kudikira boti m'malo mosaka yokha. N'chimodzimodzinso buledi amene ena amanyenyera mbuna kuti zidzaze pamanja, si chakudya chake. Mbuna mumaziona bwinobwino mukangovala magalasi osambirira n'kuyandama chete pamwamba pa miyala.

Mtengo wa boti panganani musanakwere, ndipo mufunse momveka ngati nsomba, magalasi ndi chiphaso cholowera m'paki zili momwemo, chifukwa chiphasocho nthawi zambiri chimalipiridwa pachokha ndipo mikangano yambiri imayambira pomwepo. Werengani majekete oyandamitsa, akwane mutu uliwonse kuphatikizapo ana. Gombe la Chembe lili ndi likodzo, makamaka m'madzi odekha oyandikira mudzi. Mukasamba, pitani kuchipatala pakatha masabata 6 mpaka 8 akakuyezeni, mankhwala ake ndi praziquantel.

Boadzulu ndi Shire wa paboma

Kwa amene theka la tsiku ndi maola anayi enieni, kuwerengera ndi msewu womwe, pali maboti a m'mahotela a dera la Nkopola, makilomita pafupifupi 25 kuchokera paboma, opita kuchilumba cha Boadzulu. Chilumbachi nachonso ndi gawo la paki ya panyanja, miyala yake ndi yoyera ndi zitosi za mbalame zodumphira nsomba zimene zimaswana pamenepo, ndipo nkhwazi sizisowa. Chili poyera, mwera ukamaomba pakati pa May ndi August mafunde amakula msanga, pomwe gombe la Chembe limatetezedwako ndi mapiri. Woyendetsa akanena kuti lero ayi, musamukakamize.

Njira ina ndi boti la injini pa Shire, kuchokera pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi kutsikira ku Malombe. Mvuu, nkhwazi ndi akakowa mudzaziona, pamtengo wotsika kuposa kwina konse. Bwato lopalasa musakwere, mvuu imaligubuduza mosavuta ndipo ng'ona zilimo. Ngati ndi Lachisanu, konzani zoti mubwerere isanakwane 12 koloko, poti ambiri oyendetsa maboti paboma amapita kumzikiti.

Nyengo ndi thumba

Kuyambira June mpaka October, Liwonde ndiyo yoyamba kuiganizira, udzu wauma ndipo nyama zasonkhana kumtsinje. Mvula ikakhazikika, makamaka January mpaka March, dothi lamakande limameza magalimoto ndipo misewu yambiri ya m'nkhalango imatsekedwa. Apo njira ya ku Chinguni ndi galimoto yanu imataya phindu, koma ulendo wa pa boti umakomabe, ndipo ndi nyengo imene mbalame zochokera kumaiko akutali zimakhalapo. Ngumbi zikatuluka mvula itangokata, akabawi ndi ziwombankhanga zimasonkhana malo amodzi kuziwakha. Msewu wafumbi wa pa Ulongwe nawo umaterera nyengo imeneyi, funsani momwe ulili musananyamuke.

Pa ndalama, Shire wa paboma ndiye wotchipa, kutsatira Cape Maclear mukagawana boti, kenako Chinguni, ndipo njira ya pa Ulongwe ndiyo yodula. M'mapaki onse awiri Amalawi amalipira zochepa poyerekeza ndi alendo akunja, choncho chitupa cha unzika chisatsale kunyumba. Ana osakwana zaka zisanu amatopa ndi maola asanu a ku Liwonde, awa Thumbi imawayenera. Kulikonse kumene mupite, bwerekani kapena gulani mabainokyula, a 8x42 ndi abwino chifukwa sanjenjemera kwambiri pa boti, ndipo akhale awiri pa anthu anayi alionse, poti mphungu sidikira kuti mulandirane.