Switch 2 ndi Steam Deck tikaziyezera kuno ku Mulanje

Mkanganowu unabuka pa Chitakale tikudikira minibasi ya ku Limbe. Achimwene ena anati pa makina osewerera magemu m'manja, Steam Deck ndiye makina enieni, Switch 2 ndi chidole cha ana. Ine ndinakana, ndipo mpaka pano ndikukanabe.

Steam Deck ya Valve inatuluka mu 2022, m'kati muli chip cha AMD ndi RAM ya 16GB. Switch 2 ya Nintendo inafika pa 5 Juni 2025 ndi chip cha Nvidia komanso RAM ya 12GB. Poona manambala okhawa munthu angati Deck yawina kale. Koma Switch 2 ili ndi DLSS, njira yoti makina ajambule chithunzi chaching'ono kenako n'kuchikulitsa osachiwononga, ndiye ngakhale gemu yolemera ngati Cyberpunk 2077 imayenda ndithu. Kuganiza kwanga, mukaikhazika pa dock, kachipangizo koimikapo makinawa, n'kulumikiza ku TV, Switch 2 imaisiya Deck m'mbuyo. M'manja zimangopikisana, chifukwa Nintendo amachepetsa liwiro la chip kuti batire isathe msanga. Dock yakeyo ili ndi fani, chinthu chimene aliyense wokhala m'nyumba ya malata mwezi wa Okutobala sangachipeputse.

Dock ya Switch 2 imabwera m'bokosi momwemo, pomwe ya Deck mumagula payokha. Ma Joy-Con, zogwirira za mabatani za m'mbali mwa Switch 2, amamata ndi maginito, mukawazula mwapeza zosewerera anthu awiri. Deck yoyamba ija imalemera magalamu 669, Switch 2 pafupifupi 534, ndipo manja amakumva kusiyanako gemu ikatalika.

Pa batire ndiye ndimagonja. Nintendo eni ake amati maola 2 mpaka 6.5, pamene Deck ya OLED, yomwe inabwera pambuyo pa yoyamba ija, amati maola 3 mpaka 12. Magetsi akazima madzulo, mwini Deck amaseka. Mwayi wake zonse zimachajidwa ndi USB-C.

Koma nkhani imene tinakanganirana mpaka minibasi kudzaza ndi ya intaneti. Gemu iliyonse ya pa Steam, sitolo ya pa intaneti yogulirako magemu a Deck, muyenera kuidawuniloda, ndipo zina zimapitirira 100GB. Tangoganizani bandulo yake, netiweki ikubwera n'kumapita kuseri kwa minda ya tiyi! Inde, Steam ikatsitsa mitengo magemu amatchipa zedi, koma kulipira kwake n'kwa khadi ya kubanki yolola ndalama zakunja, ndipo mukudziwa nokha mmene madola akuvutira. Switch ili ndi timakhadi ta magemu toti mungabwerekane ndi mnzanu wa ku Luchenza, kapena wachibale n'kukutengerani pochokera ku Joni. Chenjerani apa: Switch 2 inabweretsa ma game-key card, kakhadi kooneka ngati kali ndi gemu koma kali ndi kiyi chabe, gemuyo muidawunilodabe. Cyberpunk yonse ili m'kakhadi, koma magemu ambiri a makampani ena ayi.

Deck ndiipatse ulemu wake: ndi kompyuta yeniyeni ya Linux, mukalumikiza kiyibodi mutha kulemberapo ngakhale kalata yofunsira ntchito. Amene amakhala pafupi ndi Wi-Fi yodalirika atenge imeneyo.

Ine ndasankha Switch 2. Ndauza kale msuweni wanga wa ku Joni kuti asanalipire kakhadi kalikonse, ajambule kutsogolo kwa bokosi n'kunditumizira pa WhatsApp, ndione kaye ngati palembedwa game-key card.