Tomato wagwidwa chiwawu: kutentha, kukwirira kapena kuponya pa manyowa?

Kuno ku Blantyre chiwawu cha tomato chimatipeza kawiri: m'dzinja kukachita mvumbi, komanso chiperoni akatsika mu June ndi July, masamba n'kumakhala onyowa mpaka masana. Chakupha msanga ndi chija masamba amaoneka ngati athiridwa madzi otentha, kunsi kwake kutamera tinkhungu toyera. Sabata imodzi yokha, kadimba kakuseri kwa nyumba kada bii.

Mbewu zikadali bwino, Dithane M-45 kapena mankhwala a kopa amathandiza, koma ntchito yawo ndi kutchinga, osati kuchiza. Ridomil Gold amalowa m'kati mwa mbewu, n'chifukwa chake amagwirako matenda ongoyamba kumene, kungoti amaboola m'thumba. Thunthu likada, musatayenso ndalama, zulani. Mutu umaima pofuna kotaya zozulazo.

Ambiri amathamangira moto. Kunena zoona moto susiya kanthu, ndipo pa chiwawu china chija, cha mawanga a mizeremizere yozungulira chomwe chimayambira masamba a m'munsi, moto ndiye dolo, popeza chimenecho chimatha kukhala m'zinyalala zouma mpaka chaka chamawa. Koma tomato wozulidwa pa mvumbi sayaka. Mumamuunjika kuti aume, ndipo masiku amenewo mphepo ikungouluzira matenda kwa aneba. Mukakakamiza ndi mapepala, utsi wokhawokha. Pa mapoloti othinana a ku Ndirande kapena Bangwe, zovala za eni zili pachingwe, mudzamva mawu.

Ine ndimakwirira. Dzenje lofika m'mawondo, pakona pomwe simulimapo, mbewu yonse ndi zipatso zowola zomwe, dothi pamwamba tsiku lomwelo. Ponyamula ikani m'thumba la feteleza lakale, musamakoke pakati pa mizere. Chiwawu chakupha msangachi chimadalira mbewu yamoyo, ndiye masamba akawolera pansi nachonso chimatha mphamvu. Povuta ndi pamiyala. Amene ali m'mphepete mwa phiri la Soche akudziwa mmene khasu limalirira. Nkhuku nazo zimafukula dzenje losaya.

Manyowa ndiye ayi. Mulu wa pakhomo sutentha mokwanira, chaka chamawa mudzathira matenda m'mapando ndi manja anu omwe. Kuponya mu mtsinje wa Mudi kapena Nasolo n'kungopatsira alimi a kumunsi vuto.

Pamene mwazulapo musabzalepo tomato, mbatata ya kachewere kapena mabiringanya kwa zaka 3. Zonsezi ndi za banja limodzi, ndipo kachewere amasunga chiwawu m'mbatata zotsalira m'nthaka. Ikanipo nyemba kapena mpiru. Tomato watsopano mum'patse malo ena, mum'mangirire ku timitengo, masamba okhudza pansi muzithyola, ndipo pothirira madzi apite patsinde, m'mawa.