Monster 696 yanga patatha miyezi 14

Dzulo ndinakatenga njinga yanga yamoto kwa makaniko, ndipo ndalama zimene ndasiya kumeneko ndi zimene zandikhazika pansi kuti ndilembe. Ndi Ducati Monster 696 ya 2011, ndinaigula kwa munthu kuno ku Johannesburg.

Chinandikopa ndi maonekedwe. Monster yoyamba, M900, anaijambula ndi Miguel Galluzzi, kampani ya Ducati inaionetsa ku Cologne, ku Germany, mu 1992 n'kuyamba kuigulitsa mu 1993: injini, thanki ndi chimango cha mapaipi, zonse pamtetete, popanda mapulasitiki ophimba. Pamene 696 imatuluka kufakitale ya Ducati ku Bologna, ku Italy, mu 2008, mzimu umenewo sanautaye.

Mabuleki a Brembo amagwira bwino. Kilatchi ndi yofewa, dzanja silitopa. Ine ndine wamfupi, koma mpando wa mamilimita 770 umandilola kuponda pansi pa maloboti, ndipo makilogalamu 161 ake popanda mafuta sandivutitsa poikankha. Lamlungu m'mawa ndikalunjika ku Hartbeespoort, mphamvu ya mahatchi 80 imandikwanira n'kutsalako.

Nkhani yagona pa malamba. Injini iyi ndi ya desmo: mavalavu amatsekulidwa komanso kutsekedwa ndi tizitsulo, osati kubwezedwa ndi masipuling'i ngati m'njinga zina, ndipo zonsezi zimazunguzidwa ndi malamba awiri a labala. Malambawo amayenera kusinthidwa pa makilomita 24,000 kapena zaka ziwiri zilizonse. Bambo amene anandigulitsa anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Achimwene, malamba ndasinthitsa mwezi watha." Lisiti sindinafunse. Makaniko atatsegula anandiitana kuti ndidzadzionere ndekha: lamba wina anali wouma, ming'alu mbali yonse ya mano. Akanaduka ndili pa liwiro, pisitoni ikanamenya mavalavu, injini n'kutheratu, mwinanso ine ndemwe. Thupi lonse linachita tsembwe.

Malamba, kuyeza mavalavu ndi oyilo zandidyera theka la malipiro a mwezi. Bambo aja ndawaimbira kanayi. Koyamba anati mwina wa galaja yawo ndi amene anawanamiza, pano foni ikungoitana.

Usiku ndinagona nditatsimikiza kuti ndiigulitsa. M'mawa ndailiza, mtima n'kufewa, moti ikhala. Ndayamba kupatula ndalama mwezi ndi mwezi za sevisi yotsatira, ndipo bambo aja ndiwalondola kunyumba Loweruka, malamba akalewo ali m'chikwama, andibwezereko ngakhale theka.