Juzi ya mohair patatha nyengo zitatu za chisanu

Juzi imene ndikufuna kuifotokoza ndinaigula pa kaunjika mumsika wa ku Dedza, ndipo ndaivala m'miyezi ya Juni ndi Julayi kwa zaka zitatu tsopano. Ndi yotuwa ngati phulusa, yolukidwa motayana moti ukaikweza padzuwa kuwala kumadutsa, ndipo pamwamba pake pali tiubweya tonyezimira toimirira ngati nkhungu. Kansalu ka m'khosi kanalembedwa kuti gawo lalikulu la ulusi wake ndi mohair, pamene lotsalalo ndi nayiloni ndi ubweya wa nkhosa. Wogulitsayo anaitchula mtengo woposa wa majuzi ena a pamulu womwewo, ndipo ndinakayika chifukwa m'manja inkapepuka kwambiri, kusiyana ndi majuzi olemera amene tinazolowera kuwakhulupirira.

Mohair ndi ubweya wa mbuzi za mtundu wa Angora, zimene zinachokera m'dera la Ankara ku Turkey. Mbuzizi zinafika ku South Africa m'chaka cha 1838, ndipo lero dzikolo limatulutsa pafupifupi theka la mohair wa padziko lonse, makamaka m'chigawo chouma cha Karoo ku Eastern Cape, pomwe malonda ake amachitikira mumzinda wa Gqeberha, umene kale unkatchedwa Port Elizabeth. Ku Lesotho nakonso amaweta mbuzizi zambiri. Amazimeta kawiri pachaka, ndipo ubweya wofewa kwambiri ndi wa ana a mbuzi, umene pa kansalu amaulemba kuti kid mohair. Wogula asasokonezeke akaona mawu akuti angora okha, chifukwa amenewo amatanthauza ubweya wa akalulu, umene ndi wosiyana kotheratu.

Pa nkhani ya kufunda, juziyi yandikhutiritsa kuposa mmene ndinkayembekezera. Tiubweya take timasunga mpweya wofunda pafupi ndi thupi, choncho m'mamawa wa chisanu cha ku Dedza, pamene zala zimauma munthu akagwira ndowa, ndimaivala pamwamba pa shati imodzi yokha osamva kuzizira. Masana dzuwa likatuluka sindiivula msanga, popeza siyipanikiza thukuta ngati mmene amachitira majuzi a ulusi wa akiriliki. Siyikwinyika ngakhale itagona m'chikwama ulendo wonse wa pa basi, ndipo mtundu wake sunasuluke. Chofooka chake pa kufunda n'chakuti mphepo yamphamvu imalowa m'mipata ya kalukidwe kake, motero tsiku la mphepo kapena la mvula yowaza pamafunika jekete pamwamba.

Zovuta zina ziwiri ndiyenera kuzinena poyera. Choyamba, imayabwa pang'ono m'khosi ndi m'mikono ngati yakhudza khungu, ndipo mwana wanga atayesa kuivala anaivula pasanathe mphindi zisanu; wa khungu losachedwa kuyabwa ayambe waigunditsa pakhosi asanapereke ndalama. Chachiwiri, imathothoka ubweya, makamaka ikakhala yatsopano kapena itangochapidwa kumene. Tsiku lina ndinafika kutchalitchi jekete langa lakuda litayera m'kati monse ndi tiubweya, ndipo kuchokera pamenepo ndimaivala ndi zovala zowala.

Koma chimene chimapha majuzi amenewa kwathu kuno ndi kachapidwe. Ife tinazolowera kunyika zovala m'madzi otentha ndi sopo waufa, kuzitikita ndi mphamvu kapena kuzimenya pamwala, kuzipotokola kuti madzi achoke, kenako n'kuziyanika pachingwe padzuwa, ndipo chilichonse mwa zimenezi chimawononga mohair. Ndikunena zimene ndinaona ndi maso, chifukwa juzi ina yamtundu womwewu, imene mlongo wanga anabwera nayo kuchokera ku Joni, inachapidwa motero kamodzi kokha ndi wachibale amene ankafuna kutithandiza. Inatuluka m'beseni ubweya utamatana ngati chiguduli, thupi lake litafupika, mikono itatalika ndi kulemera kwa madzi pachingwe, ndipo sinavalikenso. Zinandiwawa kwambiri, pakuti inali yokongola kuposa yangayi.

Yangayi ndimaichapa kawiri kokha panyengo yonse ya chisanu, chifukwa ubweyawu sugwira fungo msanga ndipo kuiyanika pamthunzi pamene pakupita mphepo kumakwanira. Ikada, ndimaitembenuza kunja kukhala m'kati, n'kuiviika m'beseni la madzi ozizira momwe ndathiramo shampu pang'ono, yemweyo wotsukira m'mutu, kwa mphindi pafupifupi 10. Ndimaipsinja mofatsa ndi zikhato popanda kutikita, n'kuitsukuluza m'madzi ozizira chimodzimodzi, popeza kusintha kwadzidzidzi kwa kutentha kwa madzi kumathandiza kuti ubweya umatane. Ndikatero ndimaigoneka pa thaulo louma, n'kulikulunga ngati mphasa ndi kulipanikiza kuti limwe madzi, kenako ndimaiyala pa thaulo lina pamkeka m'khonde, ndikuwongola mikono ndi m'chiuno kuti zibwerere m'malo mwake. M'nyengo yozizira imatha masiku awiri isanaume, ndipo pamafunika kudekha. Ikauma ndimaipesa mopepuka ndi burashi yofewa kuti tiubweya tidzukenso. Nsimbi ya makala sindiifikitsa pafupi, ndipo ulusi ukakoka pa msomali kapena pa ndolo sindiudula, ndimaulowetsa m'kati ndi singano.

Hang'ala nayonso ndi yosayenera, chifukwa imatukula mapewa ndi kutalikitsa juziyo. Kukayamba kutentha mu Seputembala ndimaichapa komaliza, popeza njenjete zimakonda ubweya wokhala ndi thukuta, kenako ndimaipinda ndi kuiika m'kathumba ka nsalu ya thonje pamwamba pa zovala zina musutikesi, kuti isaponderezedwe. Pakati pa dzinja, pamene chinyezi chimachuluka m'nyumba, ndimaitulutsa kamodzi kuti ipitidwe mphepo ndi kuona ngati sinabooledwe.