Khadi la Kasino pa Makina a Video Poker: Zimene Ndaona Patatha Miyezi Yambiri

Chikalata cha pachaka chosonyeza ndalama zimene ndinawina ndi zimene ndinaluza chitafika kuchokera ku kasino, ndinaona kuti ndi bwino ndilembenso za khadi la umembala lomwe ndinaliyamikira kwambiri nditangolitenga, chifukwa nthawi imeneyo ndinali ndisanaone mmene limawerengera ndalama. Ndimakhala ku Las Vegas, ndipo kasino yomwe ndikunena si ya pa Strip pomwe pamadzaza alendo, koma ndi imodzi mwa zija zomwe anthu okhala mumzinda muno amapitako akaweruka kuntchito. Dzina lake sinditchula.

Zomwe zikuyenda bwino sizifuna mawu ambiri. Khadilo ndi laulere, amangofuna chiphaso chotsimikizira kuti munakwanitsa zaka 21. Kuchotseredwa mtengo pa chakudya kumatheka nthawi yomweyo popanda kulimbana ndi munthu, makina oonera mapointi sanandivutitsepo, ndipo khadi langa loyamba litathyoka anandipatsa lina ndisanachoke pa desiki.

Khadili silisamala kwenikweni za ndalama zomwe mwalowa nazo kapena zomwe mwatuluka nazo. Limawerenga ndalama iliyonse yomwe mwabetcha, imene ogwira ntchito amaitcha coin-in, ngakhale itakhala ndalama yomwe makinawo angokubwezerani kumene. Ine ndimasewera video poker, masewera a pa makina omwe amakugawirani makhadi asanu kuti musankhe oti musunge, pa makina a masenti 50, ndipo pobetcha ndalama zisanu za masenti 50 ndimaika $2.50 nthawi iliyonse makhadi akagawidwa. Munthu wosewera mosathamanga amagawitsa makhadi ka 500 pa ola, kotero khadi limalemba $1,250 ngakhale kuti m'thumba mwake munangotuluka $100 yokha yomwe yakhala ikuzungulira. Kuchokera pa nambala imeneyi kompyuta imawerengera ndalama zomwe kasino ikuyembekeza kuti muluza, zomwe amazitcha theo, ndipo mphatso zonse zimatengera theo ya pa tsiku, osati zimene mwaluzadi. Njira imeneyi inatchuka ndi kampani ya Harrah's, yomwe inayambitsa khadi la Total Gold mu 1997 n'kulemba ntchito Gary Loveman, mphunzitsi wa ku Harvard Business School, chaka chotsatira, ndipo lero palibe kasino yaikulu yomwe sichita zimenezi.

Wosewera video poker sakondedwa kwenikweni ndi kawerengedwe kameneka. Pa mtundu wa video poker wotchedwa Jacks or Better womwe pa ndalama iliyonse yobetcha umalipira 9 pa full house (makhadi atatu ofanana ndi ena awiri ofanana) ndi 6 pa flush (makhadi asanu a mtundu umodzi), munthu wosewera mosalakwitsa amabwezeredwa 99.54 pa 100 iliyonse m'kupita kwa nthawi, choncho kasino imapeza zochepa kwambiri poyerekeza ndi makina a slot, aja ongozunguza zithunzi. N'chifukwa chake mapointi amabwera pang'onopang'ono. Pa khadi la makasino a Caesars lotchedwa Caesars Rewards, mwachitsanzo, pointi imodzi imafuna $5 pa slot koma $10 pa video poker, ndipo kumene ndimapitako kusiyana kwake n'kofanana ndi kumeneku. Izi sindikudandaula nazo, chifukwa zinalembedwa poyera. Sindigwirizananso ndi anzanga ena omwe amazula khadi akaona kuti makhadi abwino ayamba kubwera, poganiza kuti makina amaumira munthu amene akumudziwa. Malamulo a Nevada, dera lomwe kuli Las Vegas, amafuna kuti makina osonyeza makhadi azigawa ngati mmene makhadi enieni 52 angagawidwire, ndipo kachipangizo kowerenga khadi la umembala kalibe mphamvu pa kagawidweko.

Vuto lomwe landisowetsa mtendere lili pa kachipangizo komweko. Mukalowetsa khadi, nyali yake imayaka yobiriwira ndipo dzina lanu limaoneka pa kagalasi kakang'ono pamwamba pa makina. Koma pa mzere wa makina omwe ndimakonda, nyaliyo imatha kusanduka yofiira masewera ali mkati, khadi lili momwemo, popanda phokoso lililonse lochenjeza. Uthenga wopempha kuti mulowetsenso khadi umalembedwa pa kagalasi kaja, pomwe maso a munthu wosewera video poker safikapo, chifukwa amakhala ali pa makhadi asanu omwe akusankha oti asunge. Makina amapitiriza kulandira ndalama monga mwa nthawi zonse, koma zonse zomwe mukubetcha kuyambira pamenepo sizilembedwa m'dzina lanu. Zimenezi zachitika kawirikawiri, ndi khadi lakale komanso latsopano, ndipo osewera ena pa mzere womwewo amadandaula chimodzimodzi.

Poyamba ndinkaona ngati nkhani yake ndi ya mapointi chabe, mpaka usiku womwe ndinapeza royal flush, makhadi a 10, J, Q, K ndi A a mtundu umodzi. Makhadi amenewa amabwera pafupifupi kamodzi pa kugawa 40,000, ndipo amalipira ndalama za pa makinawo zokwana 4,000 kwa wobetcha zisanu, zomwe pa makina a masenti 50 ndi $2,000. Makina anaima, nyali yapamwamba inayaka, ndipo wogwira ntchito anabwera ndi fomu ya W-2G yomwe imapita ku IRS, bungwe lotolera misonkho, atandifunsa chiphaso ndi nambala ya Social Security. Kupambana kumeneku kunalembedwa bwinobwino m'mabuku a kasino ndi a boma omwe, ndipo kukanalembedwa ngakhale khadi likanakhala kunyumba. Usiku umenewo ndinkaona ngati palibe malo abwino kuposa amenewa.

Chikalata cha pachaka ndi chomwe chinandiziziritsa nkhongono. Ndimasunga kabuku kolemba tsiku, makina, ndalama zomwe ndalowa nazo ndi zomwe ndatuluka nazo, monga momwe IRS imalangizira otchova njuga, ndipo kabukuko kakusonyeza kuti chaka chonse ndinaluza pang'ono ngakhale royal flush ija ili momwemo. Chikalata cha kasino chikusonyeza kuti ndinapindula. Chifukwa chake n'choonekeratu: ndalama zazikulu zomwe ndinalandira m'manja zinalowa zonse, koma zoluza za maola omwe nyali inali yofiira sizinalowe. Ku America munthu amaloledwa kuchotsera zoluza pa zopambana polemba za msonkho, malinga ngati akutchula zochotsera zake chimodzichimodzi ndipo ali ndi umboni, ndipo lamulo lomwe linakhazikitsidwa mu 2025 likuti kuyambira chaka cha msonkho cha 2026 zoluza zizichotseredwa 90 pa 100 zokha. Choncho pepala lomwe ndinkayembekeza kuti lidzandichitira umboni ndi lomwe likunditsutsa.

Ndinapita ku desiki ya makhadi ndi kabuku kanga. Mayi yemwe anandilandira anali waulemu ndipo anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anati, "Bambo, mapointi tikhoza kukuonjezerani, koma chikalatachi sitingachisinthe." Anandilozera mawu ang'onoang'ono omwe ali m'munsi mwa pepalalo, onena kuti manambalawo ndi ongoyerekeza, otengedwa pa nthawi yomwe khadi linali kugwira ntchito, ndipo si chikalata cha msonkho. Anandionjezeradi mapointi okwanira chakudya cha anthu awiri. Katswiri wawo anasintha kachipangizo pa makina amodzi, koma ena onse pa mzerewo akuchitabe zomwezo. Mkulu woyang'anira osewera, yemwe dzina lake limalembedwa pa makalata omwe amanditumizira, sanayankhe uthenga wanga, ndipo sindikudabwa, chifukwa munthu wa theo yochepa ngati ine sakhala pamwamba pa mndandanda wake.

Chomwe chinandidabwitsa ndi chakuti patapita nthawi makalata a mphatso anayamba kuwolowa manja: ndalama zosewerera zaulere zinakwera, ndipo anandiitana ku mpikisano womwe kale sankandiitana. Ndinaganiza kuti dandaulo langa lamveka, ndipo kwa masabata angapo mtima wanga unabwerera kwa iwo. Kenaka ndinayang'anitsitsa ndandanda wa malipiro pa makina ena a mzere uja, n'kupeza kuti full house tsopano ikulipira 8 ndipo flush ikulipira 5. Makina otere amabweza pafupifupi 97.3 pa 100. Pa $1,250 ya ola limodzi, ndalama zoyembekezeka kuluza zimachoka pa $6 kufika pafupifupi $34. Mphatso zinakwera chifukwa kompyuta inaona kuti tsopano ndine wopindulitsa, ndipo zomwe anaonjezerazo sizikufika pa kusiyana kumeneku ngakhale kwa munthu wosewera maola ochepa pa sabata. Zili ngati wogulitsa pamsika yemwe wachepetsa muyezo wa ndowa n'kukuikirani basera pamwamba.

Ndazindikiranso kuti kulowa mwachidule kukangotenga mphatso n'kusewera pang'ono kumatsitsa theo ya pa tsiku, ndipo makalata otsatira amabwera opepuka. Izi palibe amene amakuuzani pa desiki.

Ngati mnzanga atandifunsa lero, ndingamuuze kuti khadilo alitenge, popeza n'laulere ndipo silisintha kagawidwe ka makhadi, koma asalidalire ngati buku la ndalama zake. Ineyo ndikuligwiritsabe ntchito pa makina ochepa omwe akulipirabe 9 ndi 6, ndimayang'ana nyali nthawi iliyonse ndikamalowetsa ndalama zina, ndipo kwa wondithandiza za msonkho ndapereka kabuku kanga pamodzi ndi malisiti a ku banki, chikalata cha kasino chili pambuyo. Ndalembera oyang'anira kasino kalata yopempha kuti akonze zipangizo zonse za pa mzere uja ndi kundipatsa mndandanda wa masewera anga tsiku ndi tsiku. Akapanda kuyankha, kapena akachotsa makina otsalawo, ndalama zanga ndikazisewerera kwina.